Likodzo Silithera ku Pulayimale

Ndikuyankhula nanu omvera nonse, kuyambira kuno ku Naisi, kutsikira ku Songani ndi ku Domasi, mpaka inu amene mwapachika wailesi m'bwato uko ku Chilwa. Nkhani ya lero ndi ya akuluakulu. Ngati ana ali pafupi, atumeni kaye akatsekere mbuzi, chifukwa pali ziwalo zina zimene ndizitchula mosapsatira mawu. Koma amayi musachoke. Nkhaniyi ndi ya abambo, inde, koma ikavuta imaphulikira m'nyumba mwanu.

Ndikufuna tikambe za likodzo. Ndikudziwa kuti abambo ena aseka kale kuti, aa, likodzo ndi la ana. Tonse tinakula tikuliona choncho. Mnyamata wa sitandade 4 akodza magazi, anzake amuseka, aphunzitsi amulembera kakalata, amwa mapiritsi, basi nkhani yatha. M'madera ena akuluakulu ankafika ponena kuti mnyamata akakodza magazi ndiye kuti akukula. Chimene sitinauzidwe n'chakuti nyongolotsi ya likodzo siyang'ana zaka za munthu, ndipo ikalowa mwa bambo wa ndevu zake siithera m'chikhodzodzo mokha. Imafika m'ziwalo zimene zimapanga ndi kusunga umuna. Ikafika kumeneko imabweretsa zizindikiro zimene bambo sangauze mkazi wake, sangauze mnzake wa pabawo, ndipo ngakhale kwa dokotala amangozungulira n'kunena kuti "m'thupimu simuli bwino."

Taonani kaye mmene chigwa chathuchi chilili. Madzi amatsika m'mapiri a Zomba ndi Malosa ali ozizira, othamanga. Kumtundako nkhono za likodzo sizikhazikika kwenikweni, chifukwa zimafuna madzi odekha, ofunda, okhala ndi udzu. Koma madzi omwewo akafika kunsi amayamba kuyenda mwaulesi, amalowa m'madambo, m'madimba, m'ngalande za sikimu ya mpunga ya Domasi ndi ya Likangala, kenako amakathera mu Chilwa, nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, yozunguliridwa ndi njedza. Kumeneko ndiye kwawo kwa nkhono. Tsono ndifunse: ndani amene amatandala m'madzi amenewa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka? Wowokera mpunga. Wothirira dimba ndi khasu ndi ndowa. Woumba njerwa. Wokumba mchenga mumtsinje. Msodzi amene amagona m'zimbowera milungu ingapo osaponda kumtunda. Ngakhale wageni wa matemba, amene amapalasa njinga kupita ku Kachulu n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo kuchingamira bwato kuti anzake asamupitirire. Mnyamata wa kabaza akamatsuka njinga yake yamoto pamtsinje, nayenso ali momwemo. Amayi amalowamonso, pochapa ndi potunga, ndipo za iwo ndinenako pang'ono. Koma ntchito zambiri zoima m'madzi tsiku lonse ndi za amuna.

Matendawa amayenda motere. Munthu wa likodzo akakodza m'madzi kapena m'mphepete mwake, mkodzowo umatuluka ndi mazira ang'onoang'ono osaoneka ndi maso. Dzira likakhudza madzi limaswa kachilombo kamene kamasambira kufunafuna nkhono ya mtundu wake, ija akatswiri amaitcha Bulinus. Si nkhono zikuluzikulu za m'munda zija ayi, ndi tating'ono tomata kumasamba a udzu wa m'madzi. M'thupi la nkhonoyo kachilomboko kamaswana kwa mwezi ndi masiku, kenako nkhono imayamba kulavula tizilombo tambirimbiri tsiku lililonse, makamaka dzuwa likakwera. Tizilombo timeneti sitidikira kuti mumwe madziwo. Timaboola khungu, ngakhale lopanda bala, m'mphindi zochepa. Mwina mumva kuyabwa pang'ono, mwina osamva kanthu. Timayenda ndi magazi, timakulira kuchiwindi n'kusanduka nyongolotsi, kenako yaimuna ndi yaikazi zimagwirana n'kusamukira m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo. Kutalika kwake ndi sentimita imodzi kapena ziwiri. Zimakhala mmenemo zaka zitatu, zisanu, zina kupitirira apo, ndipo yaikazi imaikira mazira mazanamazana tsiku lililonse.

Chimene chimadwalitsa munthu si nyongolotsiyo kwenikweni, ndi mazira. Dzira lililonse lili ndi kamunga kumapeto. Ena amaboola khoma la chikhodzodzo n'kutuluka ndi mkodzo, n'chifukwa chake magazi amaoneka pomaliza kukodza, timadontho totsiriza tija. Koma ambiri satuluka. Amakanirira m'minofu, ndipo thupi limachita nawo monga limachitira ndi minga yothyokera m'phazi: pamatupa, pamapweteka, pamatuluka magazi, pakapita nthawi pamauma n'kusanduka chipsera cholimba. Tsono pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna pali kachiwalo kotchedwa prostate, ndipo kuseri kwake kuli timatumba tiwiri timene timapanga madzi ambiri a umuna. Mitsempha ya ziwalo zimenezi ndi yolumikizana ndi ya chikhodzodzo. Mazira amafika mmenemo. Nthawi zina amatsikira m'mitsempha yonyamula mbewu, mpaka kumachende, mundikhululukire mawuwo.

Bambo amene zamufika pamenepa amaona zotani? Umuna wosakanikirana ndi magazi, wofiirira kapena wachikasu. Wina amaona kuti wasungunuka kwambiri, wina kuti uli ndi timibulu, wina kuti wachepa. Kupweteka pa nthawi yokhala malo amodzi ndi mayi, makamaka pothira. Kupweteka kwa pansi pa mchombo kapena pakati pa miyendo kumene sikutha. Kutupa kwa kumusi. Ena mphamvu za kuchipinda zimachepa, mwina chifukwa cha ululuwo, mwina chifukwa cha mantha a zimene aonazo. Izi si zatsopano kwa madokotala. Nyongolotsiyi anaitulukira ndi Theodor Bilharz, dokotala wa ku Germany, mu 1851 ku Cairo, ndipo mu 1911 dokotala wina ku Egypt komweko, Madden, analemba kale za likodzo la m'ziwalo zoberekera za mwamuna. Papita zaka zoposa 100, koma m'zipatala zambiri za mu Africa bambo wodandaula za umuna wamagazi safunsidwa n'komwe ngati amagwira ntchito m'madzi.

Kuno kwathu amene anaitsata nkhaniyi mwakhama ndi Dr. Sekeleghe Kayuni, dokotala wa ku Malawi konkuno, pamodzi ndi anzake a ku Liverpool School of Tropical Medicine. Kuyambira mu 2017 anayenda pakati pa asodzi a m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, n'kuwapempha chinthu chimene ambirife tikanakana: kupereka umuna kuti uyezedwe. Mwa amene anavomera, pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse anapezeka ndi mazira a likodzo mu umuna poyang'ana ndi makina oonera tizilombo. Atayeza ndi njira yamphamvu kwambiri yotchedwa PCR, chiwerengero chinakwera kufika mmodzi mwa anayi alionse. Ndipo chimene chinandigwira mtima ine n'chakuti ena mwa amunawo mkodzo wawo sunaonetse dzira ndi limodzi lomwe. Ndiye kuti bambo akhoza kuyezetsa mkodzo, n'kuuzidwa kuti mulibe likodzo, pamene mazira ali kuseri. Kumeneko ndi ku Mangochi, pa mchenga woyera ndi mafunde. Nanga ife a m'matope a Chilwa ndi m'ngalande za mpunga, tinganene kuti zatilambalala?

Tsopano tifike pamene nkhaniyi imawononga mabanja. Bambo waona magazi pamene sayenera kuoneka. Ganizo loyamba limene limamufikira ndi matenda opatsirana pogonana. Ngati anayendapo mwamseri, amangoti zandigwira, n'kukhala chete. Ngati sanayendepo, diso limapita kwa mkazi wake: ine ndinali kunyanja mwezi wathunthu, ndani ankabwera pakhomo pano? Mayi naye akaona pansalu amadzifunsa zomwezo za mwamuna wake. Onse awiri chete, kugona mofulatirana, ndiwo kuyamba kusowa mchere, mpaka ankhoswe kuitanidwa pa nkhani ina yake yosagwirizana n'komwe ndi chimene chikuwadya. Pamene wolakwa ndi nkhono.

Kuchoka apo bambo amalowera kugolosale kapena kwa mnyamata wogulitsa mankhwala pamsika. Agula makapisozi anayi, ofiira ndi achikasu, amwa masiku awiri, ululu uchepako, asiya. Pakatha mwezi zayambiranso. Makapisozi amenewo sapha nyongolotsi ya likodzo, ngakhale mutamwa botolo lonse. Ndipo ngati vutolo linalidi chinzonono, kumwa mankhwala modukiza chonchi ndi kumene kukuphunzitsa tizilombo ta chinzonono kupirira mankhwala, moti dziko lonse lapansi mankhwala ochiza matendawa akunka nachepa. Zikakanika apo, ulendo wa kwa asing'anga. Kumeneko auzidwa kuti ndi kanyera, kuti anakhala ndi mkazi amene anali kumwezi kapena amene anali asanayere atachira, kapena kuti wina anatchera mkazi wake. Ine sindinyoza asing'anga onse, pali zitsamba zimene zinatilera. Koma palibe muzu umene unayezedwa n'kupezeka kuti umapha nyongolotsi imeneyi m'mitsempha, ndipo miyezi imene bambo akumwa zowawa za m'botolo, mazira akuunjikana.

Kodi munthu angasiyanitse yekha? Pang'ono chabe. Chinzonono kawirikawiri chimabwera patangopita masiku ochepa munthu atagona ndi amene ali nacho, chimatulutsa mafinya kumaliseche, ndipo mkodzo umawotcha. Chindoko chimayamba ndi kachilonda kosapweteka kamene kamapola kokha, matenda n'kutsalira m'magazi. Mabomu amatupitsa m'mphechepeche. Likodzo limabwera mwakachetechete, magazi kumapeto kwa mkodzo, ululu wosachoka. Koma musadalire zimene ndanenazi kuti mudzilembere mankhwala, chifukwa munthu mmodzi akhoza kukhala ndi ziwiri nthawi imodzi, ndipo pali amuna ambiri amene ali ndi matenda opatsirana popanda chizindikiro chilichonse. M'zipatala zathu zing'onozing'ono dokotala amapereka mankhwala potsata zizindikiro zimene mwamuuza, popeza zipangizo zoyezera chilichonse kulibe. Njira imeneyi yathandiza anthu ambiri. Koma ili ndi mpata: ngati inu simunena kuti mumawokera mpunga kapena mumasodza, ndipo iye sanafunse, mudzabayidwa jakisoni wa chinzonono, mudzapatsidwa kapepala koitanira akazi anu, n'kubwerera kunyumba ndi likodzo lanu lomwe, kuwonjezapo mlandu.

Pali bala lina lalikulu, la kusowa mphatso ya mwana. Bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti pa dziko lonse munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pa moyo wake. Madokotala amadziwanso kuti pa mabanja otere, pafupifupi theka vuto limakhudza mwamuna. Koma kwathu kuno amene amayenda ndi mayi. Ndiye amamwa zitsamba, ndiye amapita kumapemphero, ndiye amanyozedwa ndi alamu ake pachitsime. Bambo amati ine ndili bwinobwino, ntchito ya m'nyumba ndimagwira. Achimwene, kugwira ntchito ya m'nyumba ndi kukhala ndi mbewu yamoyo ndi zinthu ziwiri. Munthu akhoza kukhala wamphamvu usiku uliwonse koma njira za mbewu zitatsekeka ndi zipsera, kaya za chinzonono chimene sichinachizidwe bwino ali mnyamata, kaya za mazira a likodzo. Makolo athu ankadziwa kuti vuto likhoza kukhala la mwamuna, n'chifukwa chake kunali mwambo wolowetsa fisi usiku mwachinsinsi. Masiku ano fisi amabwera ndi kachilombo ka HIV. Kuyezetsa umuna kuchipatala chachikulu n'kochititsa manyazi kwa ola limodzi, koma kumachotsa mtolo pamutu pa mayi amene wausenza zaka popanda mlandu. Ndiponso likodzo lomweli limagwira amayi kunjira ya chiberekero, kumene limabweretsa zilonda, kutaya magazi ndi ululu, ndipo nawonso amapatsidwa mankhwala a matenda opatsirana mobwerezabwereza osachira. Banja limene limalima munda umodzi wa mpunga liyenera kumwa mankhwala a likodzo limodzi.

Sitingakambe za kumusi kwa bambo ku Zomba kuno osatchula HIV. Boma lathu lino ndi limodzi mwa maboma amene mliriwu unawapweteka kwambiri, ndipo ambiri tikukumbukira mmene zinthu zinasinthira mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa ulere mu 2004, chaka chimene kiliniki ya Tisungane inatsegulidwa pa chipatala chachikulu cha Zomba. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu amene ali ndi kachilombo, oposa 88 pa 100 alionse ankadziwa kale, koma amuna anali m'mbuyo mwa akazi. Likodzo likulowa bwanji apa? Pamene pali kutupa ndi magazi m'ziwalo zoberekera, pamasonkhana timaselo timene kachilombo ka HIV kamakonda kukhalamo. Akatswiri ku Zimbabwe anayeza amuna ochepa amene anali ndi matenda onse awiri, n'kuona kuti atamwa mankhwala a likodzo, kachilombo ka HIV mu umuna kanachepa. Anali kafukufuku wamng'ono, koma akuloza kumene nzeru ikuloza kale: chiwalo chotupa ndi chotuluka magazi n'chosavuta kupatsira kapena kutengera matenda.

Apa ndiyankhule ndi anzanga amene tinalowa ku ndagala. Mdulidwe umathandiza, zimenezo n'zoona. Kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa mu 2005, ndi wa ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda, anaonetsa kuti mwamuna wodulidwa mwayi wake wotenga HIV kwa mkazi umatsika ndi pafupifupi 60 pa 100, ndipo mu 2007 WHO inalimbikitsa mdulidwe wa kuchipatala. Koma 60 si 100. Komanso angaliba ena sachotsa khungu lonse, moti wina amene anavinidwa jando akhoza kukhala kuti chitetezo chimenechi alibe chonse, ndipo achipatala akhoza kumuona n'kumuuza. Likodzo lokha ndiye silisamala kuti munadulidwa kapena ayi, silisamalanso kondomu. Limalowera m'miyendo. Anakanga ndi alombwe amene mumasunga anyamata m'mphepete mwa mtsinje nthawi ya zinamwali, dziwani kuti madzi amene akusambawo akhoza kuwapatsa chimene adzachione atakwatira.

Nanga bwanji amuna akuluakulu sitilandira mankhwala, pamene alipo ndipo m'zipatala za boma ndi aulere? Mankhwalawo dzina lake ndi praziquantel. Kampani ya Merck ya ku Germany yakhala ikuwapereka mwaulere kudzera ku WHO kuyambira mu 2007, ndipo Unduna wa Zaumoyo umawagawa. Koma kwa zaka zambiri kugawako kwakhala kukuchitikira makamaka m'sukulu, chifukwa ana ndi amene amakhala ndi mazira ochuluka ndipo n'ngosavuta kuwapeza pamalo amodzi. Nzeru yake ndi yomveka. Chotsatira chake n'chakuti mwana amwa mankhwala Lachiwiri kusukulu, Loweruka akukasamba pamalo pomwe bambo ake, amene sanamwepo chichokereni sukulu, amakodza. Mu 2022 WHO inasintha malangizo ake n'kunena kuti m'dera limene anthu khumi kapena kuposa pa 100 alionse ali ndi likodzo, mankhwala aziperekedwa chaka chilichonse kwa onse kuyambira wa zaka ziwiri, akuluakulu omwe. Papepala zili bwino. Koma alangizi a zaumoyo akafika m'mudzi 9 koloko m'mawa, amapeza amayi, ana ndi agogo. Bambo ali kusikimu, ali kunyanja, ali pamsewu ndi njinga.

Pamenepa ine sindiimba mlandu abambo okha, ngakhale mwambi woti mwamuna salira watipha ambiri. Zipatala zathu zinamangidwa moganizira mayi ndi mwana, ndipo panali chifukwa chake, amayi ndi ana ankafa kwambiri. Mayi amapita kusikelo ali woyembekezera, amapitanso ndi mwana mwezi ndi mwezi, amapita kukatenga njira yolera, moti anazolowerana ndi anamwino. Bambo alibe tsiku lake. Akapita, akhala pabenchi pakati pa azimayi a m'mudzi mwake, mwinanso apongozi ake ali pomwepo, ndipo tsiku lonse la ganyu lapita. Akalowa m'chipinda, khomo silitsekeka bwino, wina akusuzumira. Munthu wotero mukuyembekeza kuti anene za umuna wake? Ine pempho langa kwa akuluakulu a zaumoyo m'boma lino ndi laling'ono. Mankhwala a likodzo apite kumene amuna ali: padooko m'mawa mabwato akamakocheza, kusikimu nthawi yowokera, pamsika wa Songani tsiku la msika, pakhomo la mzikiti Lachisanu ikatha swala, kutchalitchi Lamulungu. Ndipo dokotala aliyense m'chigwa chino, bambo akadandaula za kumusi, awonjeze funso limodzi: kodi mumagwira ntchito m'madzi? Funso limenelo silifuna ndalama za mabungwe.

Kwa inu agogo ndi amalume amene mwapyola zaka 50, ndili ndi chenjezo losiyana. Magazi mu mkodzo wa munthu wamkulu asangotchedwa likodzo n'kumwera mapiritsi basi. Likodzo lokhalitsa zaka zambiri limatha kuyambitsa khansa ya m'chikhodzodzo, ndipo zipsera zake zimatha kutseka njira zochokera ku impso mpaka impso kuwonongeka. Komanso pa msinkhu umenewu prostate imakula mwa amuna ambiri. Zizindikiro zake mukuzidziwa: kudzuka kanayi usiku, kuima nthawi yaitali mkodzo usanayambe, mkodzo wofooka wogwera pamapazi, kumva ngati watsalira. Nthawi zambiri kukula kumeneku si khansa, ndipo pali mapiritsi ndi opaleshoni zothandiza. Nthawi zina ndi khansa, ndipo imafuna kuipeza msanga. Mkodzo ukatsekeka kotheratu, mimba n'kutupa, imeneyo ndi ngozi ya usiku womwewo, osati yodikira kuti kuche tikaombeze. Chipatala chaching'ono chikhoza kuika paipi yotulutsa mkodzo n'kukutumizani ku Zomba Central, kumene angaunike ndi makina.

Za gondolosi ndi timabotolo ta mphamvu ndingodutsamo. Mphamvu za kuchipinda zikayamba kuchepa mwa bambo wa zaka za m'ma 40, kawirikawiri ndi belu la shuga kapena kuthamanga kwa magazi, chifukwa mitsempha ya kumeneko ndi yaing'ono ndipo ndi imene imayamba kuonetsa. Mowa ndi fodya zimawonjezera. Zina mwa zakumwa zogulitsidwa kuti n'zachilengedwe zimakhala zosakaniza ndi mankhwala a m'chipatala mobisa. Mu 2019 dziko la Zambia linaletsa chakumwa china chotere chitapezeka ndi sildenafil, mankhwala amene ali mu Viagra. Kwa munthu wa vuto la mtima zimenezo zikhoza kumugwetsa. Musanagule botolo, kayezetseni shuga ndi BP, m'zipatala za boma n'zaulere.

Tibwerere ku likodzo, ndikuuzeni zochita. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala, mupite pa chipatala cha Naisi, cha Domasi, ku St Luke's ku Malosa, kapena chilichonse chimene muli nacho pafupi. Ngati mukufuna kuonana ndi dokotala wamwamuna, nenani, si mwano. Mukalowa, yambani ndi ntchito yanu: ndimalima mpunga, ndimasodza, ndimakumba mchenga. Kenako nenani chimene mwaona, ndi dzina lake. Ngati akuyezani mkodzo, nthawi yabwino ndi kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, pamene mazira amatuluka ochuluka, ndipo m'kabotolomo mulowe madontho otsiriza. Mkodzo ukapanda kuonetsa kanthu koma zizindikiro zilipo, funsani ngati simungalandirebe mankhwala a likodzo malinga ndi ntchito yanu. Muli pomwepo yezetsani HIV ndi chindoko. Amene safuna kuyezedwa ndi munthu, pali kachipangizo kodziyeza wekha m'kamwa, kamene kanayesedwapo ku Blantyre, ndipo kakaonetsa kuti kachilombo kalipo mumakatsimikiza kuchipatala.

Praziquantel amaperekedwa potengera kulemera kwa thupi kapena kutalika. Bambo wa makilogalamu 60 amamwa mapiritsi anayi nthawi imodzi. Ndi akuluakulu, ndi owawa, ndipo osamwa m'mimba muli njala. Idyani nsima kapena phala kaye. Ena amamva chizungulire, nseru kapena kupotokola m'mimba kwa maola angapo, makamaka amene ali ndi nyongolotsi zambiri, choncho tsiku limenelo musakwere bwato kapena njinga yamoto, ndipo mowa upume. Mphekesera yoti mapiritsi amenewa amapha mphamvu za abambo kapena ndi njira yolera yobisa ndi bodza, ntchito yake ndi kupha nyongolotsi basi. Amapha zikuluzikulu, zazing'ono zimene zalowa kumene zimatha kupulumuka, n'chifukwa chake dokotala akhoza kukuuzani kuti mubwerenso pakapita milungu ingapo. Zipsera zakale sizichoka zonse, ndiye kumwa msanga kuli ndi phindu kuposa kumwa mochedwa. Nthawi zina mankhwala amatha m'zipatala zathu, zimenezo tikuzidziwa. Mukawapeza atatha, funsani tsiku lobwera, kapena uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu akusungireni dzina.

Sindikuuzani kuti musiye kulowa m'madzi, chifukwa mpunga sulimidwa pamtunda ndipo matemba sagwidwa pakhonde. Mukachira mudzalowanso, ndipo mukhoza kutenganso. Ndiye kwa munthu wa ntchito ya m'madzi, mankhwalawa ndi a chaka ndi chaka. Amene angakwanitse jombo, avale. Madzi osamba a kumtsinje kapena kungalande mukawasunga mu ndowa masiku awiri, kapena kuwatenthetsa, tizilombo tija timafa. Ndipo chimene chili m'manja mwa mwamuna aliyense, ngakhale wopanda tambala: mkodzo ukakugwirani muli m'munda wa mpunga kapena padooko, tulukani, mupite pouma, kutali ndi madzi. Dzira likagwera pa dothi louma silipeza nkhono. A komiti ya sikimu ndi a komiti ya padooko, chimbudzi chimodzi pafupi ndi pamene anthu amagwirira ntchito chikhale pa mndandanda wa msonkhano wanu wotsatira.

Nthawi yathu yatha. Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzakamba za kulera kwa abambo, makamaka njira yotseka ija imene ambiri amaiopa poganiza kuti ndi kufula. Ana aja mukhoza kuwaitana tsopano. Tsalani bwino.